Kanyali Kofiira pa Msewu wa ku Domwe

Ine sindikwera galimoto ya munthu amene sindikudziwa kwawo. Alendi anga, ochita lendi m'nyumba zanga kuno ku Area 23, amandinena mseri kuti ndimawerenga ndi makala omwe a pambaula. Anene. Ndafika pa ukalamba uno chifukwa choyang'ana kawiri. Komabe chilimwe chija chotsatana ndi chisankho cha zipani zambiri ndinakwera kapikapu ka eni, n'kuwoloka malire kupita kwa Apwitikizi, dziko limene ndinkangolimva ndi mbiri ya mfuti. Sikuti ndinkafuna kuona dziko. Ndinkapita kukalondera mdzukulu wanga.

Mwana wanga Yona anali kalipentala. Anakwatira Lusiya, mtsikana amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, n'kufika ku Dedza wapansi, kenako kuno kutauni kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Pa ukwati wawo panalibe m'bale wake ndi mmodzi yemwe. Unkhoswe anachita kugwirizira mkulu wa mpingo. Atabereka mwana wamkazi, Yona anamutcha dzina langa, Elube. Ndiye pakhomo pano tinalipo a Elube awiri, ndipo chaka cha ulendowo tonse tinali opanda mano akutsogolo.

Yona anatisiya dzinja, atatsokomola nthawi yaitali. Titameta, amayi anzanga a kutchalitchi anayamba kundifunsa za kusudzula. Mwambo wathu ndi woti mwamuna akamwalira, akuchimuna amamasula mkazi pamaso pa abale ake, kuti abwerere kwawo kaya akwatiwenso. Ndipo mwana, kwa ife Achewa, ndi wa kuchikazi. Ine ndinkangoyankha kuti, "Ndimusudzule ndimupereke kwa yani? Kwawo kunapsa." Yankho limeneli linali loona, ndipo linkandigonetsa tulo tabwino.

Lusiya sanali wolongolola. Za kwawo sanandiuzepo, inenso sindinafunse. Ndinkangoona kuti sankakhala chofulatira khomo, ndiponso kuti njinga yamoto ikaphulitsa pamsewu, mbale inkagwa m'manja mwake.

Ndiye kunatulukira Nyagondwe. Ameneyu anali mayi wa kumpoto, wokulira ku Zambia, amene anabwerera kuno zinthu zitasintha. Ankavala thalauza, analibe ofesi, analibe bwana, ankangoyenda ndi kamera ya vidiyo m'chikwama chakuda. Anali atapita ku Angonia, ku Mozambiki komweko, kukajambula anthu obwerera kwawo nkhondo itatha, aliyense akutchula mayina a abale ake osowa, ndipo tepiyo ankaionetsa m'maholo a matchalitchi kwa othawa nkhondo amene anatsalira kuno. Lusiya anapita kukaonera ku Kawale. Anabwerako mpango atautaya panjira.

"Amayi, achimwene anga a Fabiyao ali moyo. Ndawaona. Akuyendera ndodo, koma ali moyo. Anditchula dzina."

Ndinati, "Mulungu ngwabwino." Ndipo ngwabwinodi. Koma tsopano womulandira anali atapezeka.

Nyagondwe anayamba kufika kunyumba. Chikwama chakuda chija sankabwera nacho. Ankakhala pamkeka, kusankha nafe nyemba, kuseka ndi Elube. Ine ndinadziwa kuti msodzi sayamba ndi mbedza, amayamba ndi nyambo. Tsiku lina ndinamufunsa pamaso.

"A Nyagondwe, misozi ya mpongozi wangayu mukaigulitsa kuti? Kwa azungu?"

"Amama, sindibisa. Filimu ikatha ndimafuna ionedwe, ngakhale kunja. Koma woyamba kuionera ndi mwini nkhani. Akati fufutani apa, ndimafufuta."

"Aliyense wodzatenga kanthu amabwera ndi mawu okoma."

"Ndiye musamvere ine. Pakamera pali kanyali kofiira. Kakayaka ndiye kuti ndikujambula. Munthu akakweza dzanja, ndimazimitsa, ngakhale ali pakati pa mawu. Inu muziyang'ana kanyaliko."

"Ndiziyang'anadi."

"Ndaona kale kuti muziyang'ana," anatero, n'kuseka.

Lusiya anavomera kuti amujambule ulendo wake wokaona mlongo wake kuseri kwa Domwe. Anati n'kukangoona basi, ndipo apita ndi mwana kuti amalume ake akamudziwe. Ine ndinati kumene kukupita Elube, Elube mnzake apitanso. Yunifomu yake ya kusukulu ndinaibisa pansi pa matiresi anga, kuti pakhale chobwererera. Kankhuku kake kamawangamawanga, kamene anapatsidwa ndi bambo ake, ndinasiyira alendi, nditawauza kuti nthenga zake ndaziwerenga.

Tinanyamuka m'mawa. Woyendetsa anali a Mbewe a ku Biwi, bambo wamimba, wokonda kuyankhula kuposa kuyang'ana msewu. Nyagondwe anandipatsa mpando wakutsogolo, Elube pamiyendo panga, iye ndi Lusiya n'kukhala kumbuyo pamatumba. Ulemu umenewo sindinaukhulupirire. Ndinaganiza kuti akufuna mpata wopangana, choncho khosi langa linauma ndi kucheuka pakagalasi kakumbuyo. Sankayankhula n'komwe. Lusiya anali atafunda chitenje kumutu.

Tisanatuluke m'tauni tinaima ku Biwi, chifukwa tayala la sipeya linali kwa alamu awo a a Mbewe, ndipo alamuwo anali atapita nalo ku Mchesi. Tinatsatira tayala ku Mchesi. Titalipeza, a Mbewe analimenya ndi chibakera, nati, "Ili ndi latsopano, Agogo, langokalamba nkhope."

Linagwira ntchito msanga. Titangopitirira Nathenje tayala lakumbuyo linaphwa, ndipo apo m'pamene tinadziwa kuti jeke nayenso anali kwa alamu. Tinakhala m'mbali mwa msewu dzuwa likukwera, a Mbewe akubayitsa lole iliyonse. Elube anatafuna nzimbe ndi mano a m'mbali mpaka kukhuta. Nyagondwe anatulutsa kamera, nafunsa Lusiya ngati angamujambule atakhala chomwecho pamwala. Lusiya anagwedeza mutu kuvomera. Kanyali kanayaka. Ine ndinaima pambali, maso pakanyali. Lusiya anayamba kunena za mitengo ya mapichesi imene inali kuseri kwa nyumba ya mayi ake, kenako anakweza dzanja pang'ono, ngati wothamangitsa ntchentche. Kanyali kanazima. Ndinati mumtima, pamaso panga achitadi zimenezi, tione kutsogoloku.

Pa Linthipe injini inatentha, tinapempha madzi pachitsime. Pamene tinkafika pachipata cha Dedza n'kuti dzuwa litapendeka, mphepo ya kuphiri ikulowa m'mafupa. Ife anthu ziphaso zathu zodutsira anadinda bwinobwino. Yovuta inali kamera. Inkafunika chidindo chakechake, ndipo bambo wosunga chidindocho anali atapita kumaliro. Ndani angakwiyire munthu wopita kumaliro? Tinadikira pakhonde pamodzi ndi amayi ogulitsa mbatatesi ndi anyamata osintha ndalama, amene ankatikupizira mitolo ya ndalama za tsidya linalo ngati makadi a juga. Mmodzi anandiuza kuti, "Agogo, bweretsani makwachawo mukhale miliyoneya lero lomwe." Ndinamuuza kuti umiliyoneya wotere ayambe ndi amake. Tinagona pa resitihausi ina ya nsikidzi, chikwama changa ndinatsamira.

M'mawa mwake wachidindo anabwera, maso ali ofiira, ndipo tinamupepesa. Kenako anatiuza kuti timasule katundu. Apa m'pamene ndinaona za m'thumba la Lusiya: bulangete la Elube, kapoto kake kophikira phala, chithunzi cha ukwati chimene chinkakhala pakhoma, ndipo pansi penipeni, zokulungidwa m'malaya a malemu, sowo ndi hamala za Yona.

Ndinadikira mpaka tili awiri.

"Make Elube, sowo ya malemu ikukatani?"

"Achimwene alibe chitseko, Amayi."

"Munthu wopita kukacheza amanyamula chithunzi cha pakhoma?"

Anamanga thumba lake pang'onopang'ono, mfundo ziwiri. Ine ndinakwera galimoto, n'kumufungatira Elube mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukonza mawu okanena kwa abale ake: sukulu, chipatala, madzi a pampopi. Ndinawabwereza njira yonse ngati vesi loloweza.

Tsidya linalo anthu ndi omwewa, chiyankhulo n'chomwechi, kungoti moni amasakaniza ndi Chipwitikizi. Nyumba za sitolo zinali zopanda madenga, makoma ali zibowo zokhazokha. Ku Ulongwe tinagula buledi wawo wouma kunja amene amati pau, ndipo a Mbewe, poona kuti kumbuyo kuli malo, anayamba matola. Anakweza bambo wina wamtali amene ananyamula chitseko pamutu. Analipira ndi mbatatesi za m'kathumba.

Chitsekocho chinali cha nyumba imene ankakhala ku msasa wa othawa nkhondo. Ataona chikwama chakuda anafunsa kuti muli chiyani, ndipo atamva anakondwa.

"Ndijambuleni, mayi! Ndijambuleni ndi chitseko changachi. Anthu aone kuti sindinabwerere chimanjamanja."

"Nanga nyumba yake ilipo, bambo?" anafunsa a Mbewe kudzera pawindo.

"Nyumba ndikamanga mozungulira chitsekochi. Chovuta n'chitseko, achimwene, dothi lili ponseponse."

Titaima kuti injini ipume, Nyagondwe anamufotokozera za kanyali ndi za dzanja, n'kumujambula ataima chilili, chitseko atachikumbatira ngati mkwatibwi. Anayankhula zoseketsa zambiri. Kenako anati loko wake anasankha ndi mkazi wake, ndipo mawu anamuthera. Dzanja sanakweze, manja onse anali pachitseko. Koma ndinaona kanyali kakuzima, kamera ikuloza pansi. Bamboyo anatsika pamphambano ina, tinamuona akulowa m'tchire ndi chitseko chake pamutu.

Kuchoka pa Ulongwe phula linatha. A Mbewe anasiya nthabwala. Anatiuza kuti m'mbali mwa msewu umenewu munali mabomba okwirira pansi, ndipo pamene tikuona miyala yopakidwa utoto wofiira, phazi lisapondepo. Ine tiyi wa ku Ulongwe anali atafika pofika. Ndinapirira mpaka ndinalephera.

"A Mbewe, taimani ndione kuseri."

"Kuseri kulibe kuno, Agogo. Kuseri n'kumanda. Zonse n'zapamsewu pompano."

Ine, mayi wa mumpingo, pakati pa msewu masana! Mwana anali atagona, ndinamusiya m'manja mwa Lusiya. Amene anatsika nane anali Nyagondwe. Anamasula chitenje chimene ankafunda pafumbi, nachitambasula kuseri kwa galimoto, iye n'kuyang'ana kumapiri.

"Chikwama chanu chija chili kuti?" ndinafunsa ndili m'kati mwa chitenje.

"Chili kutsogolo, Amama, chotseka."

"Muziyankhula kuti ndizimva pamene muli."

Anayamba kuimba nyimbo ya kwawo ya Chitumbuka mpaka ndinamaliza. Pokwera ndinamugawira pau wanga.

Dzuwa lili pamutu, mwala unamenya kunsi kwa galimoto, fungo la petulo n'kudzaza ponse. Thanki inali itabooka. A Mbewe anagona chagada pansi pa galimoto, chala atatseka pabowo, akukuwa kuti, "Sopo! Ndani ali ndi sopo wamtanda?" Sopo ndinali naye ine, amene ndinatengera abale a Lusiya, pakuti munthu sufika kwa asewere manja ali lende. Ndinadikira kaye, kuona ngati wina atulutse wake. Palibe. Ndinadula kachidutswa.

"Agogo, kameneka n'kosambitsira khanda. Bweretsani mtanda wonse!"

Anaufewetsa ndi malovu ndi madzi, naumata pabowo, nati tidikire uume. Tinakhala pakati pa msewu, pamthunzi wa galimoto, pakuti mthunzi wa mitengo unali kuseri kwa miyala yofiira. Lusiya anatenga Elube n'kumayenda naye chapatali mumsewu, akumulozera phiri la Domwe. Ndinatsala ndi Nyagondwe.

"Inu, ntchito yotola zowawa za anthuyi munaiyamba bwanji? Kwanu kulibe munda?"

Anatola kamwala, nakaponya. "Adada anga anali mphunzitsi. Ndili wamng'ono kunabwera galimoto kusukulu masana, anakwera, sanabwerere. Ife tinathawira ku Zambia. Amama anatentha zithunzi zonse chifukwa cha mantha, ndipo mpaka kumwalira kwawo sananenepo za tsiku limenelo. Nkhope ndimaikumbukira pang'ono. Koma mawu awo, Amama, mmene ankaitanira dzina langa, ndinaiwala. Ndimayesa, sizibwera."

Ine ndinayesa kumva Yona akunena kuti "Amayi, ndabwera," mmene ankanenera akamatsamiritsa njinga pakhoma. Mawuwo ndinawapeza, koma anali patali, ngati wailesi ya kwa aneba. Chaka chinali chisanathe n'komwe.

"Komabe si chifukwa chojambulira anthu akulira," ndinatero.

"Zoona. N'chifukwa chake dzanja ndi lawo."

Sopo anagwira. Tinafika pamudzi chakumadzulo: timisasa taudzu watsopano, ndi bambo wowonda wa mwendo umodzi ataima ndi ndodo pamphambano. Lusiya anadumpha galimoto isanaime. Amayi anatuluka m'misasa, ndipo kunabuka maliro, maliro a anthu onse amene sanaliridwe pa nthawi yake. Ine ndinacheukira Nyagondwe, pakuti ndinadziwa kuti ngati pali pamene wojambula sangapirire, ndi pamenepa. Chikwama chinali chotseka pamiyendo pake. Nayenso ankalira.

Kutacha, a Fabiyao anatitengera kumene kunali mudzi wakale. Anati tiziponda mmene akuponda iwo. Tinayenda mondondozana, Elube ndinamubereka kumsana ngakhale anali wamkulu. Pamalopo panalibe nyumba, koma mitengo ya mapichesi ija inalipo, itachita maluwa popanda woiuza. Lusiya anakhala pansi pa umodzi, nauza Nyagondwe kuti ayatse. Anafotokoza za m'mawa umene anthu a mfuti anabwera, za utsi, za njira ya ku Dedza. Anayankhula mosadodoma, ngati akunena za munthu wina. Kenako anakweza dzanja, mmwamba ndithu. Kanyali kanazima. Nyagondwe anaika kamera m'chikwama, natenga Elube kumsana kwanga, napita naye kukathyola maluwa mmene a Fabiyao anawalozera.

"Izi si za vidiyo, Amayi," anatero Lusiya. "Izi ndi zanu."

Anandigwira dzanja, nanditengera kuseri kwa mitengo. Panali mitumbira iwiri imene a Fabiyao anaiunjikira miyala atabwerera. Wina unali wa mayi awo. Winawo unali waufupi, wosafika ngakhale kutalika kwa mkono wanga.

Zaka zonse zija ndinkayesa Elube ndiye mwana wake woyamba. Zimene anandiuza pamenepo, mmene zinachitikira, sindilemba pano. Nanenso ndakweza dzanja.

Masana ndinauza a Fabiyao kuti aitane akuluakulu a banja, ndili ndi mawu. Akuchimuna panalibe wina koma ine, choncho a Mbewe anavala jekete lawo la mafuta, nakhala pambali panga ngati malume wake wa Yona, nkhope ili yaulemu ngati sanayambe anenapo bodza la tayala. Ndinayala chitenje chatsopano pamkeka, ndinaikapo ndalama yachitsulo ndi sopo amene anatsala.

"Mwana wanuyu anatisungira mwana wathu mpaka kumuika m'manda. Sanatinyoze, sanatithawe. Tilibe naye mlandu. Tamumasula," ndinatero.

Amayi anaomba m'manja mwakachetechete. Gogo wina, mng'ono wawo wa mayi ake a Lusiya, anati, "Mwachita zaumunthu, asewere." Kenako a Fabiyao anakonza kukhosi.

"Amayi, tathokoza. Koma pali mwanayu. Ife sitikubisirani, sukulu kuno ndi ya pansi pa mtengo, chipatala chili ku Ulongwe. Inu mwamulera, ndi dzina lanu. Mukafuna kubwerera naye kutauni, ife sitilimbana nanu."

Mawu onse amene ndinaloweza kuchokera ku Dedza anali atandinenera okha. Chinangotsala n'kuvomera. Ndinayang'ana Lusiya. Maso anali pansi, ndipo ndinadziwa kuti sakana, sanandikanizepo kanthu chikhalire. Koma dzanja lake linali litagwira kakolo wa Elube, osati mwamphamvu, kungogwira.

"Mwana ndi wa kuchikazi," ndinatero. "Mwambo umenewu sindinauyambe ndine."

A Mbewe anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndinawauza kuti atseke, mulowa ntchentche.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinamupeza Nyagondwe akumanga katundu.

"A Nyagondwe, batire lanu lija lilipo?"

"Latsala pang'ono, Amama."

"Yatsani kanyali kanu. Koma iyi si ya azungu, si ya kuholo. Ndi yanga."

Anaika tepi ina yatsopano. Tinamuimika Elube pafupi ndi msasa, dzuwa likumuwala kumaso. Mwana wolongolola uja anachita manyazi, akupotokola diresi.

"Nena kanthu kwa agogo," anatero mayi ake.

"Agogo ali pompa."

"Nena ngati apita kale."

Anaganiza, chala m'kamwa. Kenako anayang'ana mukamera, nati, "Agogo! Agogo Elube! Nkhuku yanga ija musaiphe pa Khirisimasi. Ndidzabwera kudzaiona." Anaseka, chiseyeye chonse poyera, nathawira kuseri kwa amalume ake. Batire linathera pomwepo.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Pamiyendo panga panali popepuka. Sopo anagwira mpaka ku Biwi.

Patapita miyezi Nyagondwe anabwereranso ku Domwe kukaonetsa Lusiya filimu ija asanaionetse wina aliyense. Akuti Lusiya anamuuza kuti achotse malo awiri, ndipo anachotsa. Pobwera anandibweretsera tepi yanga, ataisamutsira pa kaseti yaikulu, ndi mapichesi ouma m'kapepala. Ndinamufunsa ngati mwana wanenepa, ngati akutsokomola, ngati mano amera. Anati amera, awiri akuluakulu ngati makasu. Sindikunena kuti mayi ameneyu ndimamukhulupirira. Ndikunena kuti ndinamuyang'anitsitsa ulendo wonse, ndipo sindinamugwire ndi cholakwa.

Makina oonetsera ine ndilibe. Kuseri kwa msika kuno kuli nyumba ya vidiyo, kumene achinyamata amaonera mafilimu a karate. Mwini wake amandilola kulowa m'mawa asanatsegule, akamasesa makoko a mtedza. Ndimakhala pabenchi lakutsogolo, kaseti ndimamupatsa m'manja, ndipo sindichotsa maso mpaka atandibwezera, chifukwa anthu a vidiyo amajambulira zinthu zina pamwamba pa matepi a eni. Elube amatuluka, amapotokola diresi, amandiitana kawiri. Mano alibe. Kumeneko akuti tsopano amayankhula Chipwitikizi, ndipo amasenza ndowa yaikulu, koma kwa ine amakhala wopanda mano.

Chaka chatha pachithunzi panayamba kudutsa mizere yoyera. Mwini vidiyo anati, "Agogo, tepi imatha ngati sopo. Mukamaionera pafupipafupi idzafufutika." Ndiye ndinachepetsa. Ndimapita mtima ukakana zedi, masiku ena ndimangoitulutsa m'sutikesi, kuipukuta, n'kuibwezera pamwamba pa kayunifomu kaja.

Makhirisimasi adutsapo angapo. Nkhuku ija inakalamba, inasiya kuikira, imangodya gaga wanga n'kumawodzera padzuwa. Alendi amati, "Agogo, imeneyi ikafa yokha mudzaluza ndiwo." Ndimawauza kuti ili ndi mwini wake, ndipo anati adzabwera kudzaiona.